Sukhomoy Afinya Kabuku ka Puja

A Nirmalendu Bagchi atapuma pa ntchito yawo ya uinjiniya ku matiramu, sitima za magetsi zoyenda m'misewu ya mumzinda, anthu a ku Shyambazar ankayesa kuti ayamba kuweta nkhunda padenga monga amachitira amuna a msinkhu wawo. Koma iwo anagula kompyuta. Anaiika m'chipinda chomwe munkagona mwana wawo wamkazi asanakwatiwe, naivundikira ndi nsalu ya sari yakale ya akazi awo a Monideepa kuopa fumbi. Kuyambira pamenepo tiyi wawo ankangozizirira pambali pa makinawo.

Munali m'chaka cha 1990. Kompyutayo inali ngati zinzake za nthawi imeneyo: sikirini yakuda bii, zilembo zobiriwira, ndi makamwa awiri olowetsamo madisiki. Ukafuna kanthu unkachita kulemba lamulo, n'kudina batani, kenako n'kupempherera kuti magetsi asazime. Dandaulo la aliyense linali limodzi, loti disiki imadzaza msanga kuposa tiramu ya m'mawa. Ndiye a Bagchi, munthu amene anatha moyo wake wonse akuona momwe anthu amapanikizanirana m'tiramu, analemba pulogalamu yawoyawo naitcha THASA. Ntchito yake inali kutenga mafayilo ambiri, kuwafinya, n'kuwamanga mtolo umodzi waung'ono. Ukalemba THASA A, ankamanga. Ukalemba THASA X, ankamasula, chilichonse n'kubwerera m'malo mwake osasowa ngakhale kachilembo kamodzi.

Zikanathera pomwepo pakanapanda mlamu wawo. Sukhomoy Pakrashi, mlongo wamng'ono wa a Monideepa, anali mphunzitsi wa sayansi pa koleji ina, munthu wamfupi, wadazi lonyezimira, wa pakamwa posatseka. Atangomva za THASA, nayenso analemba yake naitcha POTLA. Amuna awiriwa anali atapikisana kale pa chesi, pa mpira, ndi pa kudziwa kusankha nsomba ya ilishi kumsika. Tsopano anapeza bwalo latsopano.

Bwalolo linali kachipinda ka kuseri kwa famase ya a Haradhan Mustafi, komwe Lamlungu lililonse m'mawa kunkakumana kagulu ka okonda makompyuta. A Mustafi, amene analinso ndi kompyuta yawo m'kachipindamo, ndiwo anali oweruza. Lamulo linali losavuta: mafayilo omwewo afinyidwe ndi mapulogalamu onse awiri, wa mtolo wochepa wapambana. Zofinyazo ankabwera nazo Sukhomoy, popeza chaka chimenecho ndiye anali mkonzi wa kabuku ka chikondwerero cha Puja ka m'deralo. Sabata ndi sabata anthu ankamubweretsera nkhani, ndakatulo ndi zokumbukira za makolo awo, iye n'kumazilemba pa kompyuta yake.

Kawirikawiri ankapambana anali THASA. A Bagchi sankadzitama ndi pakamwa. Ankangopukuta magalasi awo pang'onopang'ono, n'kukopera mtolo wopambanawo pa madisiki awo apadera omwe anawalemba kuti ZOPAMBANA, kenako n'kufunsa mwaulemu kuti, "Sukho, kodi POTLA wakoyu amafinya, kapena amangosisita?"

Tsono Lamlungu lina mkati mwa dzinja, mvula ikugwa ngati yatumidwa, Sukhomoy analowa m'kachipindamo atavala malaya oyera a pa ukwati, m'manja muli bokosi la maswiti a mkaka.

"Wamwalira ndani woti wakusiyira nyumba?" anafunsa a Bagchi.

"Wamwalira ndi THASA, alamu. Ndabwera ndi maswiti kuti opepesa asachoke ndi njala."

Anthu anaseka. A Mustafi analowetsa disiki ya zofinya za tsikulo, yomwe inali ndi nkhani yaitali ya dokotala wina wa mano yofotokoza ulendo wake wa kumapiri. THASA anagwira ntchito yake, makina akulira krrr, krrr, ndipo nkhani ya makilobaiti makumi anayi inatsika kufika makumi awiri. A Bagchi anayamba kuvula magalasi kuti apukute.

"Musapukute kaye," anatero Sukhomoy. "POTLA ndamupumitsa. Lero mukumana ndi mng'ono wake. Dzina lake ndi JADU."

Analemba lamulo ndi chala chimodzi, dzanja linalo lili kumbuyo ngati msilikali. Makina sanalire n'komwe. Kuphethira kumodzi, mtolo unali utamangidwa. A Mustafi anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini, nabwerera m'mbuyo, nasendezanso.

"Sunakwane ngakhale kilobaiti imodzi," anatero ndi mawu a munthu woona mzukwa.

"Amasule!" anakuwa a Bagchi. "Kufinya aliyense angathe, ngakhale mbuzi imafinya pepala ikalidya. Amasule tione!"

Sukhomoy anamasula. Nkhani ya dokotala wa mano inabwerera yonse, kuyambira pomwe anakwera sitima mpaka pomwe anasanza pamwamba pa phiri. A Bagchi anaiwerenga mzere ndi mzere, chala chili pa sikirini. Panalibe chosowa.

"Wachita bwanji?"

"Masamu, alamu. Masamu a masiku ano. Inu musadandaule, THASA anali wabwino pa nthawi yake. Kungoti tsabola wakale sawawa. Tengani siwiti."

A Bagchi anakana siwitiyo, chinthu chomwe sanachitepo chibadwire. Koma potuluka anameza malovu napempha kuti awakoperereko JADU. Sukhomoy anawapatsa ndi manja awiri, ngati mfumu ikupereka munda.

Masabata otsatira panyumba pa a Bagchi panali ngati pali maliro. Ankakhala pa kompyuta kuyambira m'mawa, kufinya ndi kumasula, kufinya ndi kumasula, ndipo JADU sankalakwitsa. Ku famase anasiya kupitako, ati bondo lavuta. A Monideepa anawaphikira ilishi ya mpiru yomwe ankaikonda, koma iwo anangotola pang'ono n'kusiya.

"Kodi mukumva?" anatero a Monideepa. "Nsombayi ndayendera mpaka ku Manicktala. Mukaisiya ndipatsa mphaka, ndipo mphakayo ndiyamba kumutchula kuti bambo a nyumba ino."

"Iwe Moni, zimenezi sizingatheke. Madzi a mumtsuko sangalowe m'kapu. Mlongo wakoyu pa chesi amaiwala komwe hatchi imadumphira. Masamu otere wawatenga kuti?"

"Mwina Mulungu anatopa ndi kupukuta magalasi kwanuko."

Choonadi chinatulukira mwangozi. Tsiku lina m'mawa disiki yomwe ankayeserapo inayamba kulira moipa, ngati ikufuna kufa. A Bagchi anakopera kamtolo ka JADU pa disiki ina yatsopano, naichotsa yakaleyo, nalamula kuti amasule. Makina anaganiza pang'ono, kenako anasanza zilembo zopanda mutu, timitima ndi tinkhope toseka, sikirini yonse mbwee. Anayesanso. Chimodzimodzi. Anabwezeramo disiki yodwala ija, ndipo nkhani inabwerera bwinobwino.

A Bagchi anasendera pafupi ndi makinawo. Anatenga pulogalamu yosuzumira m'kati mwenimweni mwa disiki, nayamba kufufuza malo omwe makina ankati ndi opanda kanthu. Ndipo anaipeza. Nkhani yonse inali gone pamenepo, yosafinyidwa ngakhale pang'ono. JADU sankafinya kanthu. Ankangobisa fayilo pa malo a disiki ooneka ngati opanda kanthu, ndipo kamtolo kake kanali chabe kachikwangwani kolozera komwe wabisako. Ukasamutsa kachikwangwaniko kupita nako pa disiki ina, kankaloza mphepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!

A Monideepa anamva phokoso nathamangira m'chipindamo, napeza amuna awo, munthu wa bondo lovuta uja, akuvina atagwira dhoti, nsalu yawo ya m'chiuno, m'mwamba.

"Moni! Tenthetsa nsomba ija! Mlongo wako ndi wonyenga! Lamlungu likubwerali ndikamuvula pamaso pa onse. Ndikagula maswiti, bokosi lalikulu kuposa lake!"

Anawafotokozera zonse, akuseka mpaka kutsokomola. Koma a Monideepa sanaseke.

"Mwati zinthuzo zimatsala pa disiki yakale?"

"Eya! Ndiye kukoma kwake kumeneko."

"Nanga munthu akaipereka kwa ena disiki yakaleyo?"

"Akalembapo zina, ndiye kuti zapita. Bwanji?"

"Dzulo Sukho anali pano inu mutadzitsekera. Amanyadira kuti kabuku konse ka Puja, komwe kanadzaza madisiki asanu ndi imodzi, wakalowetsa pa disiki imodzi, malo n'kutsalanso. Madisiki akalewo anagawira anzanu a ku famase, ati iye sakuwafunanso. Ndipo lero wapita nayo disikiyo kwa osindikiza."

"Ali ndi mapepala omwe anthu analemba pamanja. Alembenso, aphunzirepo."

"Mapepala ake ati? Mkazi wake anagulitsa kwa wogula mapepala akale sabata yatha. Pano anthu akudyeramo mbuliwuli za mpunga."

A Bagchi anakhala pansi. Kunena zoona, chimwemwe chawo sichinathe nthawi yomweyo, chinangochepa ngati mkaka wophwera pamoto. Anaganiza za Lamlungu, za nkhope ya a Mustafi, za mawu okoma omwe anali atayamba kale kuwasanja m'mutu.

"Adzandifuna yekha," anatero.

"Sadzakufunani. Ndimamudziwa, ndinamubereka kumsana. Angalolere kudziponya mu mtsinje wa Ganga kusiyana n'kukugogoderani. Ambulera yanu iyo."

"Bondo langa..."

"Bondo lomwe limavina lija? Nyamukani."

Misewu inali itasefukira, moti anakwera rikisho, kangolo kokokedwa ndi munthu, madzi akufika m'mawondo a woikoka. Njira yonse ankabwereza mawu awo kuti asaiwale. Ankadziuza kuti akupita kukathandiza, komanso ankaona kuti munthu angathe kuthandiza mnzake atamutsuka kaye pang'ono.

Anamupeza Sukhomoy atakhala pa sitepe ya nyumba yosindikizira mabuku, m'kanjira ka kuseri kwa College Street. M'manja munali kakapu kadothi ka tiyi yemwe anali atazizira kale. Dazi lija silinkanyezimiranso. Atawaona alamu ake akutsika rikisho, sanadabwe.

"Didi, mlongo wanga uja, wakutumani?"

"Ndabwera ndekha. Ndimati ndidzaone masamu a masiku ano."

"Timitima, alamu. Kabuku konse kasanduka timitima ndi tinkhope toseka. Wosindikiza wandifunsa ngati ndi chilankhulo cha ku China."

"Sukho, unalemba ndiwe JADU?"

Sukhomoy anayang'ana m'kakapu. "Ndinamupeza pa disiki ya masewera yomwe ndinatenga kwa munthu wina ku Chandni. Anali ndi dzina lina. Ine ndinangosintha dzinalo. Nditaona momwe amafinyira ndinati ndi akatswiri a kunja, ndipo ndinati kamodzi kokha, kamodzi kokha m'moyo wanga, ndione nkhope yanu mutagonja."

"Unaiona?"

"Ndinaiona. Inali yokoma kwambiri." Anapumira m'mwamba. "Nenani zomwe mwabwera nazo. Ndikuona kuti mwakonzekera, milomo ikuchita kunjenjemera."

A Bagchi anatsegula pakamwa. Ananena za mphunzitsi wa sayansi wokhulupirira matsenga. Ananena za ana a eni ake omwe akuphunzitsidwa ndi munthu woganiza kuti njovu ingalowe m'bokosi la machesi. Koma pofika pa gawo la tsabola wakale, lomwe ndilo linali fupa la nkhani yonse, anaona kuti mlamu wawo akungogwedeza mutu kuvomera chilichonse, ndipo kukoma konse kunatha. Kumenya munthu wosabweza kuli ngati kumenya thumba la thonje.

"Dzuka," anatero. "Mnzako akapsa ndevu umamuzimira. Ngakhale iwe ulibe ndevu, ulibenso tsitsi. Pafupifupi zonse zomwe tinafinya pa mpikisano ndili nazo."

"Muli nazo? Chifukwa chiyani?"

"Zimenezo si zako."

Madzulo a tsiku lomwelo anakhala awiriwiri pa kompyuta ya a Bagchi, madisiki a ZOPAMBANA ali mulu patebulo. Sukhomoy atawerenga dzinalo anawayang'ana alamu ake nthawi yaitali, koma anaona kuti si tsiku lake loyankhula. THASA X, THASA X, mitolo inamasuka umodzi umodzi. Inabwerera nkhani ya mayi wina yonena za njala ya kale, zinabwerera ndakatulo za ana a sukulu, inabwereranso mbiri ya timu ya mpira ya m'deralo. Ndipo mtolo uliwonse unkabwera ndi ndemanga yake.

"Uwu ndi wa tsiku lija POTLA anatupitsa fayilo m'malo moichepetsa. Ukukumbuka?"

"Ndikukumbuka, alamu."

"Uwu ndi wa tsiku lija unanamizira chinyezi."

"Didi!" anakuwa Sukhomoy. "Mulibe poizoni wa makoswe m'nyumba muno?"

"Ndamuthira kale m'tiyi wa nonse awiri," anayankha a Monideepa ali kukhitchini.

Zotsala zinali zomwe zinafika JADU atayamba kale kulamulira, komanso za Malamlungu ochepa omwe POTLA anapambana, popeza zimenezo a Bagchi sanasunge. M'mawa mwake anayenda khomo ndi khomo kulondola madisiki ogawidwa aja. Mwayi unalipo. Wina anali asanaigwiritse ntchito, wina ankaikira kapu ya tiyi. Pa madisiki otero a Bagchi anafukula zobisika zonse ngati munthu wokumba mbatata. Koma disiki yomaliza inali kwa a Mustafi, ndipo a Mustafi anali atadzazapo masewera a chesi mpaka pakamwa.

"Munali chiyani m'menemo?" anafunsa a Bagchi atatuluka m'famasemo.

Sukhomoy anatsamira khoma. "Ndakatulo ya Mashima."

Mashima, dzina lawo lenileni a Snigdha Lahiri, anali mphunzitsi wamkulu wopuma wa sukulu ya atsikana. Theka la azimayi a m'deralo linadutsa m'manja mwawo, kuphatikizapo a Monideepa, ndipo mpaka lero mayi wa zidzukulu ankawongola msana akamva ndodo yawo ikugogoda mumsewu. Chaka chilichonse kabuku ka Puja kankayamba ndi ndakatulo yawo. Palibe ankaiwerenga, koma palibenso akanayerekeza kuisiya.

Sukhomoy anayesa njira ya mapepala. Anagula mbuliwuli za mpunga kwa ogulitsa onse a pa mphambano, n'kumafunyulula timapepala tokulungira, a Bagchi akuthandiza kudya. Anapeza tsamba la nyuzipepala, tsamba la buku la malamulo, ndi yankho la mayeso la wophunzira wake wina, lomwe iye mwini analichonga molakwika. Ndakatulo sanaipeze.

"Tilembe yathu," anatero Sukhomoy. "Mwezi, mitambo, maluwa. Sangazindikire."

"Mayi amene anazindikira kuti Moni wakopera homuweki pongomva fungo la inki? Tiye tikagwade."

Anawapeza Mashima pakhonde la m'mwamba, atakhala pa mpando wa nsungwi, atavala sari yoyera, ndodo ili pamiyendo. Amuna awiri a imvi anagwira mapazi awo, naima ngati ana oswa windo. Sukhomoy anafotokoza mozungulira, za chinyezi, za magetsi, za kusakhulupirika kwa makina a masiku ano.

"Sukhomoy," anadula Mashima, "unali wabodza uli ndi kabudula, ndipo sunasinthe. Nirmalendu, nena ndiwe."

A Bagchi ananena zonse mosabisa. Mashima anamvetsera maso ali otseka.

"Ndiye kuti ndakatulo yanga yafafanizidwa ndi chesi."

"Inde, Mashima."

"Ndipo pepala langa akudyeramo mbuliwuli."

"Inde, Mashima."

Mayiwo anatsegula maso, ndipo amuna awiriwo anaona chinthu choopsa kuposa mkwiyo. Mashima anali akumwetulira.

"Mwachita bwino. Ija ndinaifupikitsa chifukwa Sukhomoy anandinamiza kuti malo ndi ochepa. Yeniyeni ili muno." Anagogoda pamphumi ndi chala. "Ndipo chiperekereni ija zandibwerera ndime zina. Mawa m'mawa mubwere nawo makina anuwo. Ine ndizinena, wina azilemba."

"Sukho ndiye mkonzi," anafulumira a Bagchi, akubwerera cham'mbuyo kulowera ku masitepe.

"Sukhomoy amalemba ndi chala chimodzi, ndinamuona. Ulemba ndiwe. Iye azindikupiza."

Kompyuta inakwera rikisho itafunda sari yake ngati mkwatibwi. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, Mashima analakatula, dzanja lili m'mwamba, mawu akunjenjemera pa malo oyenera. Mwezi unatuluka, mitambo inaubisa, mtima unalira, maluwa anagwa, kenako mwezi unatulukanso. Magetsi atazima pakati, a Bagchi anathokoza milungu yonse mumtima, koma Mashima anati palibe vuto, ayambirenso ndime yomwe yatayikayo ndi ziwiri za m'mbuyo mwake kuti mzimu wa ndakatulo usaduke. Sukhomoy anakupiza mpaka mkono unafa. Chakudya chinali mabisiketi awiri aliyense.

Pomaliza ndakatuloyo inali yaitali kuposa nkhani ya dokotala wa mano. A Bagchi, zala zili zowuma, analemba THASA A kuti aimange pamodzi ndi zina zonse zopita kwa wosindikiza. Manambala atatuluka, anaiwala kutopa. Anavula magalasi, nawavalanso.

"Sukho, taona! THASA sanafinyepo chinthu chonchi chibadwire. Yatsika kuposa zonse za m'kabuku!"

"Chifukwa chiyani?" anafunsa Mashima, akusendera pafupi.

Funso lotere a Bagchi sakanalisiya lidutse. "N'zosavuta, Mashima. Pulogalamuyi imasaka mawu obwerezedwa. Ikapeza kuti wolemba akungonena chinthu chimodzimodzi mobwereza..."

Chidendene cha Sukhomoy chinatera pa chala chawo chachikulu.

"Alamu akutanthauza kuti makinawa amayeza kugwirizana kwa mawu," anatero Sukhomoy mosaphethira. "Zolemba zomwazika, zopanda mutu, amalimbana nazo. Koma akapeza zosalala, zomangika bwino, mawu onse akuyendera limodzi, amangozimeza. Nambala ikachepa ndiye kuti luso lachuluka."

Mashima anayang'ana sikirini, nayang'ana a Bagchi. "N'zoona zimenezi, Nirmalendu? Uyu sindimukhulupirira."

A Bagchi anayang'ana ndodo, naganiza za tsiku lina lathunthu la mwezi ndi mitambo. "Ndakatulo yanu yaposa zonse, Mashima. Manambala sanama."

"Yaposa ndi ya dokotala wa mano yomwe?"

"Kutalitali."

"Ndimadziwa," anatero Mashima, nalamula kuti abweretse mabisiketi ena.

Kabuku kanatuluka nthawi yake, konenepa kuposa zaka zonse. Lamlungu lotsatira Sukhomoy anaulula yekha ku famase za JADU, ndipo anaifotokoza mokometsera kwambiri moti anthu anaseka mpaka misozi, ena n'kumuombera m'manja. A Bagchi zinawanyansa pang'ono kuona munthu akutchuka ndi manyazi ake omwe, koma anadya maswiti awiri.

Pa tsiku lalikulu la Puja, ng'oma zitangoleka, Mashima analanda maikolofoni kwa wolengeza nauza khamu lonse kuti ndakatulo ya chaka chino yayezedwa ndi kompyuta ya injiniya Bagchi, ndipo yapezeka kuti ndi yopambana zolemba zonse za m'deralo. Dokotala wa mano, yemwe anali pamzere wa kutsogolo, anatembenuka nawayang'ana a Bagchi ndi diso loti tidzaonana pa mpando wanga.

Chikondwerero chitatha, kagulu kaja kanakumananso m'kachipinda ka kuseri. Sukhomoy anali ataukitsa POTLA, ati wamuika mano atsopano, ndipo a Mustafi anali akufunsa kuti lero afinya chiyani popeza kabuku katha. Pomwepo anamva ndodo ikugogoda pansi m'famasemo, go, go, go, ikubwera. Chitseko chinatseguka. Mashima analowa, m'mbuyo mwawo muli woyendetsa rikisho atasenza trangi, chibokosi chachitsulo, pamutu.

"Tula apo," anatero. Kenako anayang'ana amuna onsewo mmodzimmodzi, ndipo aliyense anabisa ndudu yake. "Izi ndi zonse zomwe ndalemba chiyambire. Ndikufuna makina andiuze kuti yopambana ndi iti. Mustafi, ndipatse mpando wako. Nirmalendu, khala apo. Tiyambira za ndili mtsikana."

A Bagchi anayang'ana pakhomo, koma Sukhomoy anali atafikapo kale, theka la thupi lili kunja.

"Sukhomoy," anatero Mashima osacheuka n'komwe, "chokupizira chili m'trangimo, pamwamba."